Chipinda cha D

Sumarni atangoika laputopu patebulo, Darmaji, wokonza makompyuta, anayang'ana kumbali. Mayiyo anangoti basi, mlandu wake ukuonekera pankhope. Anakhala pampando wapulasitiki, chikwama atachikumbatira. Pamsika wonse wa makompyuta ku Semarang anthu ankati chimene chamukanika Darmaji n'chofunika kungotaya.

Laputopuyo inali ya Laras, mwana wake mmodzi yekhayo, amene anamwalira galimoto itagunda njinga yake yamoto. Ali moyo, Laras anagawa disiki ya m'katimo pawiri. "Ili ngati nyumba ya zipinda ziwiri, amayi," ankatero. "Ku C kumakhala mapulogalamu, ku D kumakhala ife." Kumeneko n'kumene kunali zithunzi zonse, ndi mavidiyo a Laras akuimba, akuseka, akukangana ndi bambo ake za mpira. Chimwalirireni mwanayo, Sumarni chipinda chimenecho sankachitsegula. Mtima sunkamulola.

Loweruka likubweralo kunali sadaka yomaliza, ya tsiku la chikwi chimwalirireni Laras, ndipo abale anali atapempha kuti adzamvenso mawu a mwanayo. Ngati dala, Lolemba laputopu inakana kuyaka bwino. Sumarni anatenga kadisiki kapadera kamene Laras ankasungirapo kope, n'kutsatira malangizo obwezeretsera zinthu mu laputopu amene mwanayo analemba pakapepala. Makina anadzuka bwinobwino. Koma atalimba mtima n'kutsegula D, anapeza mulibe ngakhale chithunzi chimodzi.

Masiku atatu sanauze munthu. Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali ubwino wa mwamuna wake, Hartoyo. Munthu amene kwa zaka makumi awiri ndi zisanu sankadziwa n'komwe pamene pamakhala sopo wotsukira mbale, masiku amenewa ankatsuka yekha, pochoka kuntchito n'kumubweretsera lumpia wotentha, chakudya chokazinga chonga samusa. Anafika mpaka pomuuza kuti asadzivute ndi za mavidiyo, mapemphero okha akwana. Sumarni ankadya lumpiayo ndi manyazi.

Darmaji anayatsa makinawo, n'kulemba pasiwedi osafunsa. Analumikiza kadisiki kaja, n'kuloza ndi cholembera.

"Apa pali kope la C lokha, mayi. D inali yaikulu, sinakwanepo."

"Ndiye fufuzani m'kati momwemo. Amati inu mumadzutsa ndi zakufa zomwe."

"Amandikweza anthu. Madzi akatayika sawoleka, mayi. Izi sizibwerera."

Sanayese n'komwe, ndipo zimenezo zinamuwawa Sumarni. Koma akanakwiyira ndani, poti wolakwa anali iye? Anayang'ana chala chake chamkombaphala ngati cha munthu wina.

"Galimoto ija inamupha kamodzi," anatero motsitsa mawu. "Ine ndamupha kachiwiri, mayi wake weniweni, chifukwa chodziyesa wodziwa zinthu."

Darmaji anayamba kupukuta fumbi limene panalibe. Pashopu yoyandikana nayo wina ankayesa sipika, nyimbo ikungoduladula. Sumarni anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango wake, n'kusendeza mpando pafupi. Moyo wake wonse anali asanapemphepo munthu kuti amunamire.

"Achimwene, ndikupempheni kanthu kamodzi. Bambo ake a Laras akadzabwera kudzafunsa, mudzawauze kuti ndi vayirasi. Munthu uja ndi wabwino, sangandikalipire. Adzangokhala chete, ndipo chete ameneyo ine sindingamupirire."

Darmaji anavula magalasi, n'kuwaika pa laputopupo. Kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana mayiyo m'maso.

"Bodza limodzi ndikanayesa kusenza, mayi, koma awiri andilemera. Inu munangobwezeretsa C, ku D munapeza kuli kale kopanda kanthu. Masabata awiri apitawo bambo Hartoyo anakhala pampando womwewo akulira, atafufuta zonse mwangozi pokopera mavidiyo a sadaka, ndipo anandipempha kuti mukadzabwera ndidzakuuzeni kuti ndi vayirasi."