Chala Changa Chinathetsa Banja la Mwana Wanga

Panali bambo wina amene anathetsa banja la mwana wake ndi vesi limodzi. Ndisakubisireni, bamboyo ndine. Koma ndifotokoza ngati ndikunena za wina, chifukwa mpaka lero mawu oti "ine" pa nkhani imeneyi amandikhala pakhosi.

Bamboyu anali wowotcherera mageti ndi mawindo. Sukulu sanapite nayo patali, koma pakamwa anali napo, moti kutchalitchi anamupatsa udindo wotsogolera mapemphero a m'makomo. Loweruka lililonse abusa ankaphunzitsa atsogoleri ngati iyeyo maphunziro a zaumulungu. Iye sankapitako.

"Abusa, Mzimu salowa m'kalasi," ankatero akuseka.

"Zoona," ankayankha abusa, "koma inu si Mzimu. Bwerani mudzakhale pa benchi."

Anali ndi njira yakeyake. Munthu akabwera ndi vuto, iye ankatsinzina, n'kutsegula Malemba paliponse, n'kuloza ndi chala. Pamene chala chagwera, ndiye kuti Mulungu wayankha. Anzake kushopu anamupatsa dzina loti Achala, iye n'kumanyada nalo.

Mwana wake wachisamba anakwatiwa ndi dalaivala wa lole. Mimba iliyonse ankangopita padera. Akuchipatala anamuuza kuti abwerenso akamupime bwinobwino, koma bambo ake anati ayambe afunsa kwa Mulungu.

Tsiku la mapemphero pabalaza panadzaza, ena anakhala pansi, mkamwini naye analipo. Bamboyo anatsinzina. Chala chinagwera pa mawu onena kuti wosalakwa sawonongeka, ndipo wovutika amakolola zimene anafesa yekha.

"Mwana wanga, pali chimene ukubisa. Ulula, mimba ikhala."

"Ababa, palibe."

"Ndiye Mulungu akunama?"

Mwanayo anangowerama. 

Kuyambira pamenepo mapemphero aliwonse ankathera pa iye. Akakana, ankamunena kuti ndi wouma mtima. Akalira, ankati tchimo likumuluma. Mwamuna wake akabwera ku ulendo ankayamba ndi kufufuza mufoni ya mkazi wake asanavule nsapato.

"Abambo, mwanayu mumupha," anatero mayi ake a mwanayo.

"Mayi, ndanena ine kapena Malemba?"

Nthawi zina akuwotcherera, nkhope ili m'chigoba chotchinga moto, bamboyo mtima unkamukayikitsa. Koma anali atanena pagulu. Akanabweza mawu amenewo, onse amene anawalozerapo chala akanabwera kudzafunsa zawo. Choncho ankangowonjezera kukalipa.

Tsiku lina mwanayo anagwada pakati pa balaza n'kunena kuti anagonapo ndi munthu wina mwamuna wake ali pa ulendo. Dzina anakana kutchula. Anthu anayambitsa nyimbo yothokoza. Mkamwini sanayimbe nawo. Sabata isanathe anabwera ndi zikwama kushopu n'kuziika pakati pa zitsulo.

"Apongozi, munaona bwino. Tengani mwana wanu."

Mwanayo analowa m'kachipinda kakuseri, momwe ankasungiramo zitini za penti, ndipo sankatulukanso. Kutchalitchi ayi, kumsika ayi. Chakudya mayi ake ankamusiyira pakhomo.

Patapita miyezi, akuluakulu a mpingo analamula kuti amene salowa m'kalasi asiye kutsogolera. Bamboyo anapita, osati kukaphunzira, koma kukateteza mpando. Anapeza akuphunzira za mavuto a anthu olungama. Anakweza dzanja n'kupereka vesi lake monyada.

"Mawu amenewo akunena ndani?" anafunsa abusa.

"Mulungu."

"Tabwererani kumayambiriro kwa mutuwo."

Anabwerera, akulondola ndi chala chomwecho. Wolankhulayo sanali Mulungu. Anali munthu wamba amene anabwera kudzapepesa mnzake wovutika, n'kuyamba kumunamizira tchimo lobisika.

"Tsopano pitani kumapeto kwa bukulo."

Kumeneko anapeza Mulungu atakwiyira wopepesa uja chifukwa sananene zoona.

"Mawu amenewa anasungidwa kuti tione mmene sitiyenera kulankhulira kwa munthu amene ali pa chisoni," anatero abusa. Kenako anatsitsa mawu. "Munawauzapo munthu?"

Bamboyo anadzuka kalasi isanathe.

Kunyumba anapeza mkazi wake akusita. Anamufotokozera zonse, mayiyo osasiya kusita.

"Mwadziwa lero? Mwana uja sanagone ndi aliyense. Ananama kuti mumusiye apume. Nditayesa kukuuzani munati Satana wandilowa."

"Ndipita kwa mkamwini, ndikamufotokozere."

"Mukamupeza ali ndi mkazi wina, woyembekezera kale. Pitani kuseriko, n'kumene kuli mlandu wanu."

Anapita. Anagogoda, osayankhidwa. Anamva kuti mwanayo waima pafupi ndi chitseko, akupuma. Bamboyo anagwada pa simenti ali m'ovolosi yake, ndipo analankhula mokweza kuti ndi anansi omwe amve.

"Mwana wanga, si Mulungu anakunena. Ndine. Unalibe tchimo, ine ndi amene sindinkadziwa kuwerenga, ndipo ndinakana kuphunzira. Ndakuthetsera banja, sindingathe kukubwezera. Lamulungu ndikaima pamaso pa mpingo wonse n'kunena kuti unanama chifukwa cha ine. Kuchipatala kuja ndikuperekeza ngati ungalole. Usatsegule ngati sukufuna. Ndikhululukire, mayi wanga."

Phunziro: Kukonda Mulungu sikulowa m'malo mwa kuphunzira za Iye. Musanamuuze munthu vesi, dziwani amene akulankhula, akuuza ndani, ndiponso nkhaniyo inatha bwanji. Maphunziro a zaumulungu si a abusa okha, ndi a aliyense amene ali ndi mwana, mkazi kapena mnansi woti adzamulangize tsiku la mavuto. Tumizirani aliyense amene amatsogolera mapemphero, mwina mwana wa wina apulumuka.