Mavu mu Ndodo ya Gofu

Pamalo okonzera ndodo za gofu, mpini wa ndodo ina unali wotsekeka mkati, ndipo bwana anali atanyamula kale makina obowolera.

"Dikirani kaye, bwana," anatero mtsikana amene ankayesedwa ntchito tsikulo. Ankadziwa kuti mpiniwo ukang'ambika, mlandu ugwera mlendo.

Mtsikanayo analowetsamo waya pang'onopang'ono. Kunsonga kwake kunatuluka dothi lofiira.

"Ndi mavu awa. Anakumangirani nyumba osapempha."

Anathiramo madzi ofunda, n'kudikira, n'kuuzira mwamphamvu. Matope anafwamphuka n'kuthera pa shati yoyera ya bwana.

Amisiri onse a pamalopo mwadzidzidzi anatanganidwa ndi ntchito zawo.

Bwana anasuzumira mumpinimo, n'kuona kuwala kumapeto kwake.

"Mawa ulawire," anatero akudzipukuta. "Ubwere ndi maepuloni awiri."