Nsapato Zobwera Wapansi

"Alamu, nsapato zanu zakunja zija zikubwera wapansi kodi?" anafunsa mlamu wake wa telala, akugwedeza phazi kuti zake zonyezimira zioneke bwino.

Telala mtima unamuwawa. Onse awiri anaitanitsa nsapato pa intaneti tsiku limodzi, koma za telala zinali zitatha miyezi itatu panjira. Nsanje itamukulira, anadina msanga batani lakuti "Ndalandira katundu", n'kumuonetsa foni.

"Zafika kalekale. Ndikungozisungira ukwati."

Patatha sabata anapempha ogulitsa kuti amubwezere ndalama. Iwo anakana, poti anavomera yekha kuti walandira. Atasowa pogwira, anakaulula kwa mlamu uja.

"Pepani alamu, ine anandibwezera zonse. Zanganso sizinafike. Izitu ndinagula pakaunjika, kuseri kwa shopu yanu yomweyi."