Mkati mwa Keke ya Tegan

Abale atasonkhana pabwalo, mpeni unali kale m'manja mwa Tegan. Mkati mwa kekeyo mukapezeka pinki, ndiye kuti mimba yake ndi ya mtsikana. Mukapezeka buluu, ndi ya mnyamata.

Narelle, mkulu wake, anafinya chikwama. Munali kalata yadzulo ya kuchipatala. Otizimu, vuto la kakulidwe ka ubongo limene mwana wake Hamish ali nalo, gwero lake ndi Fragile X, vuto loyenda m'magazi limene iye anamupatsira osadziwa. "Auzeni abale anu akayezetse," anatero dokotala dzulolo. "Limakula mphamvu mwa anyamata." Narelle anali asanauze aliyense.

Pansi pa tebulo, Hamish ankagwedezeka uku akudziluma dzanja chifukwa cha phokoso.

"Akulu, nkhope yamaliro bwanji?" Tegan anaseka. "Mwapsereza soseji eti?"

"Dula iwe, ntchentche zitidyera keke!" anakuwa bambo awo.

Narelle anapemphera chamumtima. Pinki, Ambuye, chonde pinki.

Mpeni unalowa, n'kutuluka utapakika buluu. Bwalo lonse linaphulika ndi chimwemwe.

Tegan anathamanga kudzamukumbatira Narelle, mimba yolimba ikumugunda pachikwama paja.

"Hamish wapeza mnzake, akulu! Muona, adzakhala ngati mapasa."