Makorali a ku Beira

"Chubu n'chachikale, alamu. Ikani LED."

Matthew, mlamu wa mwini loji, anayankhula atakweza foni m'mwamba ngati m'busa wanyamula Baibulo. Zonse anali ataziwerenga m'mawa womwewo. Tiyese, wamagetsi wa kumsika, anangoseka chamumphuno, chubu chake cha getsi chili m'khwapa.

"LED yanuyo njowalitsira shopu ya mafoni, achimwene. Chamoyo chimafuna chubu. Chimafunda ngati dzuwa."

Pakati pawo panali thanki yagalasi, kunyada konse kwa loji ya a Nthanda pa Mwanza Boma. Nsomba munalibe, ati zinali m'njira, chaka chathunthu. Munali makorali okhaokha, timitengo ta pansi pa nyanja yamchere tomwe a Nthanda ankati n'tamoyo, ndiponso kuti anachita kukatenga okha ku Beira. Dalaivala wa thiraki wofuna chipinda ankayamba wamva ulaliki wa makorali asanaone kiyi. Kupisamo dzanja kunali koletsedwa. Madzi ankasintha okha bwanawo, chitseko atatseka.

Tsopano makoraliwo, omwe anali ofiira ndi obiriwira, anali atayera mbee.

Wolakwa anali atapezeka kale. Liness, mtsikana wolandira alendo, anaima kuseri kwa kauntala atapinda manja. Mlandu wake unali kuzimitsa getsi la thanki poweruka. Ankazimitsadi. Lamulo lozimitsa chilichonse analiika ndi bwana omwewo, munthu wolira mayunitsi ngati walira maliro. Koma lero lamulolo linali litawachoka m'mutu.

"Ana angatu awa," anatero a Nthanda, akusisita galasi. "Kuwagoneka mumdima? Mwana iwe uli ndi mtima?"

Akazi awo, a Patricia, anakhala pampando wa alendo, nkhope ili gwa. Liness anamutenga ndi iwo kukwaya ya kutchalitchi. Lojiyo inamangidwa pamalo a makolo awo, choncho palibe wantchito ankachoka iwo asanavomere. Amuna awo ankazidziwa bwino zimenezo.

"Ine sindipondereza munthu, mayi," anatero a Nthanda. "Aike magetsi onse awiri, uku LED, uku chubu. Akabwerera mtundu pofika Loweruka, nkhani yatha. Akapanda kubwerera ndiye kuti anafa, ndipo wowaphayo anyamule zake."

A Patricia anagwedeza mutu. Zinamveka zachilungamo.

Sabata imeneyo pa loji panali sewero laulere. Mbali ya Matthew inkawala buluu ngati bala ya pabodala. Mbali ya Tiyese inkaphethira ngati kalasi ya pulayimale. Akatswiri awiriwa, omwe nyanja yamchere anangoiona pa TV, ankafika m'mawa kudzayeza kuyera ndi maso, aliyense n'kulumbira kuti mbali yake yayamba kufiira. Palibe chinkafiira.

Tsiku lina Tiyese anaweramira pathanki n'kukwinya mphuno.

"Koma madziwa, bwana, akununkha ngati wodi ya kuchipatala."

"Munafikako ku Beira inu?" anafunsa a Nthanda. "Nyanja imanunkha choncho. Chotsanipo mphuno."

Tiyese anachotsapo mphuno.

Taonani bambo wa zidzukulu atagwada pa simenti, akunong'oneza miyala. Kuchimbudzi cha antchito babu linapsa nthawi ya dzinja, mpaka lero anthu amalowa ndi tochi ya foni. Mlonda amayang'anira mathiraki a alendo mumdima. Koma timitengo ta m'galasi tinali ndi magetsi awiri, akatswiri awiri ndi misozi ya bwana. Madalaivala ankagwirana m'nthiti panja. Munthu wopusa chonchi, ankatero, loji anaimanga bwanji?

Liness yekha sankaseka. Ku Thambani kunali amayi ake ndi mwana wake wa sitandade 2, onse oyang'ana kauntala imeneyi. M'mawa uliwonse ankasuzumira m'thankimo n'kupemphera chamumtima. Bwana anali atasiya kumuyankha moni kuyambira tsiku lomwe anakana kukawasiyira tiyi kuchipinda chakumapeto, komwe amapumulira masana. Iye ankayesa kuti chilango chake chinathera pa moniwo.

Loweruka linafika. Makorali anali mbee, mbali zonse ziwiri.

"Chubu chawotcha zonse," anatero Matthew.

"LED yanu yozizirayo ndiyo yamaliza," anatero Tiyese.

A Nthanda anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa mpango n'kupukuta m'maso, mapewa akunjenjemera. A Patricia anayang'ana amuna awo, anayang'ana thanki, kenako anayang'ana pansi.

"Liness, mwanawe, ndakuikira kumbuyo mokwanira. Waona wekha mmene bambo wawapwetekera."

"Amayi, ndinkangotsatira zomwe anandiuza."

"Basi, mwanawe. Basi."

Liness anaika makiyi pakauntala, mmodzimmodzi. Sanalire. Anatenga kachikwama kake n'kutuluka, a Patricia akumuperekeza mpaka kumsewu wa maminibasi. Akatswiri aja anatsatira pambuyo, akukanganabe.

A Nthanda anadikira mpaka geti italira. Anapinda mpango wouma uja, n'kuzimitsa magetsi onse awiri kuti mayunitsi asapite pachabe. Kenako anapisa dzanja m'thanki, n'kunyamula mtengo wonse wa makorali ndi zala ziwiri zokha. Kunsi kwake kunali kukuonekabe chidindo cha fakitale ya pulasitiki, monga mmene anaugulira mu shopu ya zidole ku Limbe. Anauponya mudirowa, pambali pa botolo la jiki woyeretsera zovala lomwe linali litatsala theka.