Mfuti ya Achimwene

"Ukupalabe chitsulo chomwechi?" anafunsa a Gulab, amalume ake a Zarak, ataima pakhomo. "Tauni ya Darra yonseyi ndi amisiri a mfuti okhaokha, iwe n'kumangokukuta ngati khoswe!"

"Ndi ya achimwene iyi, amalume," anayankha Zarak osadzutsa mutu. "Dzanja la mlendo lisaikhudze."

Mfutiyo inali yakalekale, zipolopolo zake zosapezekanso, ndipo Zarak analonjeza kuisintha yekha kuti izilandira zatsopano. Chimene sankanena n'chakuti nthawi yonse imene inali zidutswazidutswa patebulo, palibe akanamutuma kukalipsira imfa ya mkulu wake, yemwe anawomberedwa pa mkangano wa malire a munda. Wowomberayo anathawa, koma mng'ono wake Janan analipo, ndipo mwambo unkati magazi a Janan ndi okwanira. Janan yemweyo amene ankanyemerana naye buledi kusukulu. Choncho Zarak ankapala m'mawa, madzulo n'kuwononga dala zomwe wapalazo.

Lachisanu pochokera kumanda anapeza patebulo palibe kanthu.

Mayi ake analowa atafukata chinthu chachitali m'nsalu, nkhope ikuwala koyamba chichitikireni maliro.

"Ndimakumvera chisoni, mwanangu, manja onsewa matuza okhaokha. Ndinapita nayo kwa a Sherin amisiri aja. Akuti unaizunza zedi, koma aiyesa ine ndikuona, yalira bwinobwino." Anamuikira pamiyendo mosamala ngati khanda, n'kumusisita tsitsi. "Yamba wamwa tiyi. Janan amadutsa pamlatho dzuwa likapendeka."