Mabotolo Khumi ndi Awiri a Valentim

Valentim anaima pakati pa munda akutafuna mtedza wokazinga, akumwetulira yekha. Kumanja kwake chimanga chinali chitabiriwira mpaka kuda. Kumanzere chinali chachikasu, chonyozoloka, chomvetsa chisoni. Mtima wake unali mbee.

Zaka zomaliza za nkhondo iye anali ku Jeremani kuphunzira kimika, sayansi ya mankhwala. Anabwera mu Okutobala 1994 ndi sutikesi imodzi ya zovala ndi ziwiri za mabuku, napeza mkazi wake Otília atasosa kale munda wawo ku Zóbuè. Ntchito anaipeza ku Moatize, yophunzitsa pa sekondale. Ana asukulu anatopa naye, chifukwa phunziro lililonse linkathera pa azoto, mpweya umene a ku Malawi amati nayitrojeni.

Ankawauza kuti mpweyawu uli ponseponse ndipo chimanga chimaufuna, koma ndi wouma mutu. Tizidutswa take timayenda tiwiritiwiri, titamangana ndi zingwe zitatu. Mafakitale amatimasula ndi moto woopsa kuti apange feteleza. Tizilombo tokhala m'mizu ya nyemba ndi mtedza timachita zomwezo mwakachetechete, ndi kachitsulo kosaoneka ndi maso, nthaka n'kutsala yachonde. Valentim analumbira kuti zimenezi azichita m'botolo: asungunula chitsulo chotchedwa molibideno m'mankhwala ake, chigwire azoto, chiumasule, feteleza apezeke.

Ndiye Loweruka lililonse ankatsika chapa, minibasi ya kumeneko, ku Zóbuè atafungatira botolo la madzi ofiirira lomata ndi phula. Tsiku loyamba, atalitsegula poonetsa mkazi wake, kadontho kanagwera pa kapulana, chitenje cha Otília, n'kumuboola. Valentim anati sayansi imatero, nalimatanso botololo. Lamulo linali limodzi: Lolemba m'mawa mayiyo asakanize botololo ndi madzi, athire kumanja kwa munda kokha, kumanzere asayerekeze. Otília ankalandira ndi manja awiri n'kubwerera ku mbaula yake, pakuti madalaivala a malole pa chipata cha m'malire sadikira wogulitsa mtedza.

Tsopano panali patatha masabata khumi ndi awiri, ndipo munda unali utayankha wokha. Valentim sanafune kufunsa nzeru kwa munthu. M'mawa umenewo analemba makalata awiri. Ina inali ya ku yunivesite ku Maputo, yowauza kuti chimene chikuzunguza akatswiri a ku Ulaya chatheka ku Zóbuè. Inayo inali ya direkitolo wa sukulu, yotsanzika ntchito, yokhala ndi mawu awiri atatu amene anawasunga kukhosi chiyambire ntchito. Onse anampatsa Amós, mnzake woyendetsa lole, amene amadutsa pa Moatize.

"Mayi a Gina!" anaitana. "Tabwerani mudzaone zimene wachita mwamuna wanu. Ine ndi choko tasiyana lero."

Otília anafika akupukuta manja. "Mwasiyana bwanji, bambo a Gina?"

"Kalata yapita ndi Amós. Munthu wopanga feteleza ndi mpweya angamakhalire kuitana mayina m'kalasi? Tanditengerani mabotolo aja ndikadzazenso. Akuluakulu a ku Maputo adzafuna kuona ndi maso."

Otília anayang'ana mwamuna wake, nayang'ana chimanga. Kenako anapita ku khitchini. Valentim anaponya mtedza wina m'kamwa, akuganiza ngati jekete lake la ku Jeremani lingamukwanebe pa chithunzi cha m'nyuzipepala.

Mayiyo anabwera ndi dengu pamutu, akuyenda pang'onopang'ono. Valentim anadabwa pang'ono kuti mabotolo opanda kanthu angalemere chotero. Dengu litafika pansi anawerenga. Analipo khumi ndi awiri, onse odzaza, phula lake losakhudzidwa.

"Madzi oboola kapulana ndikathire pa chakudya chathu?" anatero Otília. "Ayi ndithu. Kukuuzani ndinkaopa, poona m'mene mumakondwera."

"Nanga kubiriwiraku?"

"Kumanjako? N'kumene ndinalima chaka chatha mtedza mukudyawo."

Valentim analeka kutafuna, natchera khutu ku msewu wa ku Moatize. Lole ya Amós sinkamvekanso.